Diso la Kamera Yakale

(Kanyimbo kotsegulira, kenako katsike pang'onopang'ono)

Lero tikambe za chinthu chimene ambirife tinayang'anizana nacho maso ndi maso, titaima njo, titatchena zovala za Lamulungu, koma sitinachifunsepo mbiri yake. Ndikunena galasi lija la kutsogolo kwa kamera, limene ojambula zithunzi amalitcha lenzi.

Chandiutsa ndi ichi. Foni ya m'thumba masiku ano ikujambula mwakuthwa kuposa makamera ambiri amene makolo athu ankawadziwa. Koma pomwepo akatswiri opanga mafilimu ku Los Angeles ndi ku London ali kalikiliki kusaka malenzi opangidwa zaka 50, 60, mwinanso 90 zapitazo, olemera, a mkuwa ndi aluminiyamu, ena galasi lake litachita kale chikasu. Ena mwa malenziwa mitengo yake mukaimva mugwira pakamwa. Akufunamo chiyani?

Tiyambe ndi kuwala kwenikweniko. Kuwala kukamachoka mumpweya kulowa m'madzi kapena m'galasi kumakhota. Wopalasa bwato aliyense amadziwa kuti nkhafi ikamira theka imaoneka ngati yathyoka. Ndiye mukasula galasi kuti likhale lonenepa pakati, lopyapyala m'mbali, limasonkhanitsa kuwala kochokera pankhope ya munthu n'kukuika pamalo amodzi kuseri kwake, ndipo pamenepo pamaoneka chithunzi chozondoka. Zikanathera pomwepo bwenzi nkhani yathu ili ya mphindi imodzi. Vuto n'lakuti galasi limodzi limanama. Kuwala koyera kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo kwabuluu kumakhota kwambiri kuposa kofiira, choncho m'mphepete mwa chilichonse mumatuluka timizere tamitundumitundu. Kuwala kodutsa m'mbali mwa galasi sikukumana ndi kodutsa pakati. Khoma lowongoka limapindika. Pakati pa chithunzi pakaoneka bwino, m'makona mumachita mbuu. Zaka za m'ma 1700 ku England, Chester Moore Hall ndiponso John Dollond anapeza kuti ukaphatikiza magalasi awiri a mitundu yosiyana, lina lopepuka lina lolemera chifukwa cha mtovu, bodza la lina limafafaniza bodza la linzake, makamaka pankhani ya mitundu ija. Luso lonse la malenzi lagona pamenepo: kusanja magalasi angapo, lililonse ndi chilema chake, kuti zilemazo zidyane zokhazokha.

Mu 1839 ku Paris, Louis Daguerre analengeza njira yake yojambulira zithunzi pachitsulo chopakidwa siliva. Lenzi ya kamera yake anapanga ndi Charles Chevalier, ndipo kabowo kake kolowera kuwala kanali kakang'ono zedi. Apa ndifotokozeko nambala imene mumaiona pamalenzi, ija amalemba f/2, f/4, f/16. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti bowo ndi lalikulu. Lenzi ya f/2 imalowetsa kuwala kanayi kuposa ya f/4. Ya Chevalier inali cha m'ma f/15. Kujambula nyumba kapena mlatho zinkatheka, paja nyumba siphethira. Koma munthu ankayenera kukhala padzuwa mphindi zambirimbiri osagwedezeka, mutu atautsamiritsa kuchitsulo chobisika kumbuyo.

Amene anathetsa mavutowa sanali wosula magalasi ayi. Anali mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Vienna, Joseph Petzval, wobadwa mu 1807 m'dera limene lero lili m'dziko la Slovakia. Kufikira nthawi imeneyo amisiri ankapanga malenzi mongoyesa: sula, yang'anamo, sulanso. Petzval anati ayi, njira ya kuwala m'galasi ingathe kuwerengetseredwa papepala galasilo lisanasulidwe n'komwe. Koma masamu ake anali phiri. Kamzere kamodzi ka kuwala unkayenera kukatsatira pankhope iliyonse ya galasi, kuwerengetsera mmene kakhotere, kenako kutenga kena, kenanso, ndipo ukasintha kupindika kwa galasi limodzi, zonse kuyambiranso. Makina owerengera kunalibe. Ndiye mkulu wa asilikali a mizinga, Archduke Ludwig, anamubwereka kagulu ka asilikali ake, poti anthu oombera mizinga ndiwo anali ozolowera kuwerengetsera kumene chipolopolo chikagwere. Taganizani, asilikali atakhala pamatebulo miyezi ingapo, cholembera m'manja, kuthandiza kuti agogo a ku Vienna ajambulitse nkhope zawo mosavutika. Mu 1840 lenzi inatuluka: magalasi anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, bowo la f/3.6. Inkalowetsa kuwala kuposa ka 15 poyerekeza ndi ya Chevalier. Mankhwala ojambulira nawonso atawongoleredwa, kukhala chete kuja kunatsika kufika pa mphindi imodzi, nthawi zina osakwana n'komwe.

Walira mvula walira matope. Petzval anapeza kuwala kochuluka ndi pakati pakuthwa kwambiri, koma m'mbali mwa chithunzi munkafooka, zinthu zakumbuyo n'kumaoneka ngati zikuzungulira. Kwa wojambula nkhope limeneli silinali vuto, popeza nkhope imakhala pakati. Chilema chimenechi muchisunge m'mutu, tichipezanso kutsogoloku.

Mwiniwake sanadyerere thukuta lake. Anapereka mapulani kwa Voigtländer, wopanga magalasi wa ku Vienna komweko, ndipo posakhalitsa anakangana pankhani ya ndalama. Voigtländer anakatsegula fakitale ku Braunschweig, ku Germany, kumene dzanja la Petzval silikanafika, ndipo amisiri a ku France ndi ku England nawonso anangokopera osapempha. Mu 1859 mbava zinathyola nyumba yake n'kuwononga zolemba zake za zaka zambiri zokhudza kuwala. Anamwalira mu 1891 ali wokhumudwa. Koma mpaka lero wophunzira aliyense wa luso la malenzi amawerengetsera nambala ina yotchedwa ndi dzina lake, imene imauza ngati chithunzi chigone chafulati kapena chipindike.

Ndipatuke pang'ono. Zaka zomwezo kamera inafika kuno kwathu. Dokotala John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire kuyambira 1858, ankajambula zithunzi papepala lopaka phula, ndipo zimene zinkamuyendera bwino ndi zinthu zosayenda: milambe, nyumba, sitima itakocheza. Patapita zaka, Mungo Murray Chisuse, mmisiri wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anakhala mmodzi mwa Amalawi oyamba kudziwika ndi kamera, ndipo ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Nkhope ya Chilembwe imene timaidziwa tonse inadutsa m'galasi la nthawi imeneyo isanafike m'mabuku a sukulu.

Tibwerere ku Ulaya, mumzinda wa Jena ku Germany. Carl Zeiss anatsegula kashopu kake kumeneko mu 1846, wasayansi Ernst Abbe anadzalowa mu 1866, ndipo Abbe anaona kuti masamu afika pakhoma. Ungawerengetse bwanji, ngati mitundu ya galasi ili iwiri yokha, zilema zina sizingachoke. Anakokera ku Jena katswiri wa mankhwala, Otto Schott, amene ankasungunula galasi akuthiramo zinthu zimene ena sanayesepo, monga barium ndi boron. Fakitale yawo ya magalasi inayamba mu 1884. Ndi magalasi atsopanowa Paul Rudolph wa ku Zeiss anapanga mu 1890 lenzi yojambula mwakuthwa kuyambira pakati mpaka m'makona.

Koma ine amene amandigometsa pa onsewa ndi Mngelezi wa ku York, Harold Dennis Taylor, wogwira ntchito pakampani yopanga matelesikopu ya Thomas Cooke and Sons. Mu 1893 iye anatenga magalasi atatu okha. Losonkhanitsa kuwala kutsogolo, lomwaza kuwala pakati, losonkhanitsanso kumbuyo, mipata ya mpweya pakati pawo. Basi. Magalasi atatuwo, kupindika kwa nkhope zake zisanu ndi imodzi ndi kutalikirana kwake, zinapezeka kuti n'zokwanira ndendende kuweta zilema zikuluzikulu zonse nthawi imodzi. Palibe chowonjezera, palibe chotsala. Mabwana ake sanafune za makamera, choncho ntchito yopanga inapita kukampani ya Taylor, Taylor and Hobson ku Leicester, omwe sanali abale ake ngakhale dzina likufanana. Malenzi a Cooke akupangidwabe ku Leicester mpaka lero, ndipo makamera otsika mtengo mamiliyoni ambiri a zaka za m'ma 1900 ankayendera nzeru ya magalasi atatuyi.

Mu 1902 Rudolph anatulutsa Tessar, ya magalasi anayi, awiri akumbuyo omatidwa pamodzi. Ankaitsatsa kuti ndi diso la chiwombankhanga. Inali yaing'ono, yakuthwa, yosavuta kupanga, ndipo chitetezo chake chalamulo chitatha aliyense anaikopera. Achikulire mukukumbukira kamera ya maso awiri ija, wojambula ataikoleka m'khosi, ili pamimba, iye ataweramira pansi kusuzumira pamwamba pake? Rolleiflex ya ku Germany inkakhala ndi Tessar, ndipo Yashica-Mat ya ku Japan inali ndi lenzi yomangidwa mofananamo. Zithunzi zambiri zaukwati zimene zili m'masutikesi mwathu zinabadwira m'magalasi anayi amenewa.

(Kanyimbo pang'ono)

Tsopano tafika pamene pali mtima wa nkhaniyi. Chaka cha 1896, Tessar isanabadwe, Rudolph yemweyo anapanga lenzi ina yotchedwa Planar, ya magalasi asanu ndi limodzi, theka lakutsogolo ndi lakumbuyo zoyang'anizana mofanana. Papepala inali yoposa zonse. Pamsika inagwa chagada. Chifukwa chake mungachione pawindo la sitolo masana: mumadziona nokha pagalasi. Paliponse pamene kuwala kwachoka mumpweya kulowa m'galasi, kapena kutuluka, magawo 4 kapena 5 pa 100 alionse amabwerera. Planar inali ndi malo otero 8. Mukawonkhetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala linkasochera, ndipo choipitsitsa n'chakuti kuwala kosocherako sikunkatha, kunkangonjanja m'kati mwa lenzi n'kukagwera pafilimu ngati utsi. Chakuda sichinkada bii, chinkangotuwa.

Mnyamata wina wa ku Munich, Ludwig Bertele, wobadwa mu 1900, wopanda digiri ya ku yunivesite, anazemba vutoli mochenjera. Ali ndi zaka za m'ma 20 anapangira kampani ya Ernemann ku Dresden lenzi ya f/2, ndipo kamera yake, Ermanox ya mu 1924, ndi imene wojambula zithunzi Erich Salomon ankalowa nayo m'misonkhano ya nduna za ku Ulaya n'kuzijambula zikuyasamula, popanda nyale yothwanima. Kampaniyo italowa m'gulu la Zeiss Ikon, Bertele anapitiriza. Nzeru yake inali yakuti pamene magalasi awiri amatidwa ndi ulimbo woonekera, kuwala sikubwerera kwenikweni. Ndiye mpata wa mpweya anaudzaza ndi galasi lina n'kumata atatu pamodzi. Sonnar yake ya f/1.5 ya mu 1932, ya kamera ya Contax, inali ndi magalasi 7, koma malo okumana ndi mpweya 6 okha, chimodzimodzi Tessar. Inalowetsa kuwala kochuluka koma chithunzi chili ngwee. Kusula ndi kumata magalasi opindika kwambiri chotero inali ntchito yowawa ndi yodula, koma panalibe njira ina.

Njira inayo inabwera mu 1935. Alexander Smakula, wasayansi wochokera ku Ukraine wogwira ntchito ku Zeiss, anapeza kapakidwe ka mankhwala kopyapyala zedi pankhope ya galasi. Kuchindikala kwake, mutenge milimita imodzi muigawe magawo 10,000, gawo limodzi ndi limenelo. Kuwala kobwerera pamwamba pa mankhwalawo ndi kobwerera pagalasi pansi pake kumafafanizana, ndipo kochuluka kumadutsa. Chodabwitsa, Taylor wa ku York uja anali ataona kale kuti malenzi akale othimbirira ankalowetsa kuwala kuposa atsopano onyezimira, kungoti sanapeze njira yodalirika yochitira dala. Boma la Germany linabisa luso la Smakula ngati chinsinsi cha nkhondo. Nkhondo itatha linafalikira paliponse, ndipo m'pamene malenzi anayamba kuoneka abuluu kapena ofiirira mukawapendeketsa padzuwa. Apa Planar ija, imene inagona zaka 50, inadzuka. Mpweya sunalinso mdani. Pafupifupi lenzi iliyonse ya mamilimita 50 ya f/2 kapena f/1.4 imene Canon, Nikon, Pentax, Minolta ndi Olympus anagulitsa zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndi mdzukulu wa pulani ya mu 1896.

Nkhondo yomweyo inamwaza nzeru za ku Jena. Mu 1945 asilikali a America anatenga akuluakulu ndi asayansi a Zeiss kupita nawo kumadzulo, kumene anakayambanso ku Oberkochen. A Soviet Union anazula makina n'kuwakweza sitima kupita ku Kiev ndi ku Krasnogorsk. N'chifukwa chake lenzi ya Jupiter-8 ya ku Russia ndi Sonnar yovala dzina lina, ndipo Helios-44 ya mamilimita 58, imene inayamba kupangidwa mu 1958 n'kumagulitsidwa ndi makamera a Zenit, ndi Biotar ya Zeiss. Ku Japan nako anayambira pa mapulani a ku Germany, koma sanaime pamenepo. Mu 1950 wojambula wa magazini ya Life, David Douglas Duncan, ali ku Tokyo anaona kuthwa kwa malenzi a Nikkor, anawamanga pa kamera yake ya Leica n'kupita nawo kunkhondo ya ku Korea. Zithunzi zitatuluka ku New York, dzina la Japan linasintha pamsika. Chaka chomwecho ku France Pierre Angénieux anapeza njira yopangira lenzi yoona dera lalikulu koma yokhala patali ndi filimu, kuti kalirole wa m'kati mwa kamera apeze malo ogubudukira. Ndipo pofika mu 1966 Zeiss anapanga Planar ya f/0.7, malenzi 10 okha, ambiri a bungwe la NASA. Atatu anagula wopanga mafilimu Stanley Kubrick, n'kujambulira mbali zina za filimu ya Barry Lyndon ya mu 1975 ndi kuwala kwa makandulo.

Nanga bwanji lero anthu akubwerera kumbuyo? Chifukwa choyamba n'chaumisiri chabe. Makamera atsopano opanda kalirole ndi opyapyala. Pa makamera otere a Sony, kuchoka pakamwa pa kamera kufika pamene pamagwera chithunzi ndi mamilimita 18, pomwe malenzi akale omanga mochita kupota, otchedwa M42, amafuna mamilimita 45 ndi theka. Chotsala n'kungoika kachitsulo kabowo pakati, adaputa, kopanda galasi lililonse, lenzi ya agogo yayamba ntchito.

Chifukwa chachiwiri ndi chilema chija ndinati musunge. Malenzi amakono amawerengetseredwa ndi kompyuta mpaka zilema zonse pafupifupi kutheratu, ndipo a m'foni, omwe ndi timapulasitiki tingapo tosanjikizana, zotsala zake amakonza ndi pulogalamu. Zotsatira zake n'zoyera mbee, koma zofanana. Chithunzi cha uyu ndi cha uyo, kusiyana kulibe. Ndiye Helios ija, imene ojambula a nthawi yake ankaiona ngati lenzi wamba yobwera ndi kamera, lero ikukondedwa chifukwa masamba akumbuyo kwa munthu amazungulira. Wojambula mafilimu Greig Fraser anagwiritsako ntchito malenzi akale a ku Soviet Union, ovekedwa zitsulo zatsopano, pojambula filimu ya The Batman ya mu 2022. Mu 2013 kampani ya Lomography inafika poukitsa lenzi ya Petzval, mkuwa wake ndi kuzungulira kwake komwe. Chimene Petzval, Rudolph ndi Bertele anakalamba nacho akulimbana kuti chichoke, adzukulu akuchilipira ndalama.

Maganizo anga ndi awa, ndipo okonda zakale andikhululukire. Lenzi yakale si mankhwala. Kuzungulira kuja chithunzi choyamba kumasangalatsa, chakhumi kumachititsa chizungulire. Ambiri amene amati akufuna mzimu wa galasi lakale akungogula mbiri, ndipo amalonda a pa intaneti adziwa, mitengo akweza. Chimene ndimachilemekeza ine n'china. Malenziwa anapangidwa kuti azimasulidwa. Muli tizitsulo topota, girisi, timasamba tachitsulo totseka ndi kutsegula bowo, mulibe waya kapena moto. Mmisiri wodekha, wa manja ozolowera mawotchi, angathe kutsegula lenzi yotere, kuipukuta, n'kuibwezera. Komanso imakuumiriza kupotokola wekha mpaka diso la munthu lioneke lakuthwa, ndipo wojambula amene waphunzira chotero amayamba kuona kumene kuwala kukuchokera asanadine. Kufewa kwake pankhope ndi kwenikweni ndithu, makamaka ukatsegula bowo lonse, koma padzuwa lathu la mwezi wa Okutobala lenzi yopanda mankhwala a Smakula imachita utsi msanga. Iphimbeni ndi kachipewa kake, kapena imikani munthu pamthunzi.

Tsono ngati mwaipeza m'kabati ya malemu atate, kapena pamsika wa zakale, musathamangire kuitaya, musathamangirenso kuilipira. Tsegulani bowo lonse, muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo. Fumbi pang'ono si kanthu, silioneka pachithunzi. Timizere tofalikira ngati mizu ndi chuku, ndipo chimenechi ndiye mdani wamkulu kuno kwathu, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire nyengo ya dzinja. Chikakhalitsa chimadya mankhwala a pagalasi osabwereranso. Mukaona m'mphepete mukunyezimira mitundu ya utawaleza, ndiye kuti ulimbo womata magalasi wayamba kulekana, ndipo kukonza kwake n'kovuta. Potokolani muone ngati ikuyenda mosalala, yang'anani timasamba tija ngati tilibe mafuta. Posunga, musaitsekere m'chikwama chachikopa pansi pa bedi. Chuku chimakonda mdima ndi chinyontho, choncho ikhale pouma, popita mphepo, powala.

Ndipo mukapeza Super-Takumar ya Pentax ya mamilimita 50, f/1.4, galasi lake lili chikasu ngati tiyi wopanda mkaka, si kuti yawonongeka. Malenzi ena a zaka zimenezo ankathiramo thorium kuti galasi likhotetse kuwala kwambiri, ndipo thorium imatulutsa mphamvu ya radiation pang'onopang'ono, imene imasintha mtundu wa galasi pakapita zaka. Kujambulira n'kosaopsa, kungoti musaiphwanye, musaipale, musagone nayo kumutu. Chikasucho chimachepa mukaiika padzuwa masiku angapo mbali yakumbuyo itayang'ana kumwamba, kutsogolo mutakuta ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu. Muiike pasimenti, kutali ndi udzu ndi nsalu, chifukwa galasi losonkhanitsa kuwala limasonkhanitsanso moto wa dzuwa.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(Kanyimbo kotsekera)